Mmene mungazolowetsere khutu ku hardcore yosakaniza mitundu ya nyimbo

Munthu akamva koyamba hardcore, mtundu wa nyimbo za magitala zaukali ndi zothamanga, mawu amene amafulumira kutuluka pakamwa pake ndi akuti "zimitsani phokosolo". Gitala wasasa, ng'oma ikuthamanga, woimba akukuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, ndipo musanadziwe chimene chikuchitika nyimbo yatha, chifukwa zambiri sizifika ndi mphindi ziwiri zomwe. Tsono pakati pa oimba amenewa pali ena amene sakhutira ndi ukali wokhawo. Amatenga reggae, jazz, hip-hop, ng'oma za pakompyuta, n'kuziponya m'kati mwa hardcore. Zimenezi ndi zomwe ndikufuna tiphunzire kumvera. Ndipo ndikunena ndi mtima wonse kuti ife a kuno kuchigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Marka, tili kale ndi khutu la ntchito imeneyi. Amene anakula akumva ulimba ukulira usiku wonse sakuyambira pansi ayi.

Yambani ndi chomvetsera

Kasipika ka foni kamataya mawu onse a pansi. Besi imasowa, ng'oma yaikulu imasowa, chotsala ndi zitsulo ndi kukuwa basi, ndiye munthu akanena kuti ndi phokoso amakhala akunena zoona. Pezani mahedifoni, ngakhale otchipa a pamsika wa ku Nchalo kapena ku Ngabu, bola mbali zonse ziwiri zizilira. Izi n'zofunika chifukwa ojambula nyimbozi kawirikawiri amaika gitala mmodzi kumanzere, wina kumanja, ndipo khutu limodzi likafa mwataya theka la nyimbo.

Voliyumu isapitirire 60 peresenti. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu akhoza kumva mawu a madesibelo (muyeso wa kukwera kwa mawu) 80 kwa maola 40 pa sabata popanda vuto, koma akafika madesibelo 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha. Makutu akayamba kulira okha mutavula mahedifoni, ndiye kuti mwapyola muyeso. Ndipo achimwene anga a kabaza, pamsewu wa M1 pamene pakudutsa magalimoto akuluakulu, m'makutu musaikemo kanthu. Nyimbozi zimafuna munthu atakhala pansi, madzulo kutentha kutachepa.

Kwa anzathu amene amathira nyimbo m'mamemore khadi simukazipeza kawirikawiri, choncho bandulo ndiyo njira. Pa webusaiti ya nyimbo ya Bandcamp magulu ambiri amalola kumvera kaye musanagule, ndipo ambiri amalembanso mawu a nyimbo pomwepo. Pa YouTube tsitsani chithunzi chikhale pa 144p kuti bandulo isathe msanga, popeza chimene mukufuna ndi mawu.

Dziwani pang'ono kumene zinachokera

Hardcore inabadwa mu punk, mtundu wa nyimbo za rock zachidule ndi zaukali, ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa 1980. Achinyamata anatenga punk n'kuifulumizitsa, kuifupikitsa ndi kuionjezera ukali. Ku California kunali Black Flag, ku Washington D.C. kunali Minor Threat ndi Bad Brains. Makampani akuluakulu a nyimbo sankawafuna, ndiye ankadzipangira okha zonse: kujambula, kusindikiza, kumata zikuto, kugulitsa. Dischord Records, imene inayamba mu 1980 ku Washington, inakhazikitsidwa ndi anyamata oimba okhaokha, Ian MacKaye ndi Jeff Nelson.

Chimene ndikufuna mugwire apa ndi cha Bad Brains. Anali anyamata anayi akuda, ndipo asanayambe punk ankaimba jazz fusion. Kenaka analowa Chirasta, ndipo pa kaseti yawo yoyamba ya 1982 nyimbo zothamanga koopsa zili limodzi ndi reggae yodekha. Kusakaniza sikunabwere pambuyo ngati chokometsera. Kunalipo kuyambira pachiyambi, ndipo ena mwa amene anayala maziko ake anali anthu akuda. Aliyense wokuuzani kuti izi ndi nyimbo za azungu okha sanaione bwino mbiri yake.

Tsatirani ng'oma, zina zonse zisiyeni kaye

Apa ndi pamene pagona nkhani. Sankhani nyimbo imodzi yaifupi ndipo muimvere katatu motsatizana. Ulendo woyamba ingoilolani idutse. Ulendo wachiwiri musalabadire woimba ndi magitala, funafunani ng'oma yokha. Ulendo wachitatu muziomba chala pabondo motsatira ng'omayo.

Woimba ng'oma za bandi amakhala ndi yaikulu yoponda ndi phazi, ina yolira mokwera yotchedwa snare, ndi mbale zachitsulo zija. Khutu lanu ligwire snare, chifukwa ndi imene imamveka pamwamba pa zonse. Mukaigwira, werengani kugunda kwa nyimbo kwa masekondi 15, kenaka muchulukitse kanayi. Reggae ya roots imene tinazolowera imayenda pafupifupi 70 kapena 80 pa mphindi. Hardcore imafika 180, 200, nthawi zina kupitirira. Mukangodziwa kuti liwirolo lili ndi muyeso wake ndipo anthu anayi kapena asanu akuligwira onse pamodzi osaphonya, mantha amachoka, ulemu n'kulowa.

Pali kaombedwe katatu kamene mudzakumane nako pafupipafupi. Kena kamatchedwa d-beat, dzina lochokera ku gulu la Discharge la ku Stoke-on-Trent ku England. Kamathamanga mopendekeka pang'ono, phazi likugunda mosalingana ndi dzanja, ndipo kamakukankhirani kutsogolo. Kena ndi blast beat, pamene phazi, snare ndi chitsulo zimagunda mothithikana kwambiri moti simungathe kuziwerenga chimodzichimodzi; kanatchuka ndi gulu la Napalm Death la ku Birmingham, lomwe pa chimbale chawo cha 1987 lili ndi nyimbo ya sekondi imodzi ndi pang'ono imene inalowa m'buku la Guinness. Kachitatu ndi breakdown, ndipo aka ndi kamene kamakopa anthu ambiri atsopano. Nyimbo ikuthamanga, mwadzidzidzi liwiro latsika ndi theka, gitala ndi phazi la ng'oma zikugunda pamodzi molemera, ndipo thupi limayamba lokha kugwedezeka. Muzidikira breakdown. Mukayamba kuimva ikubwera isanafike, dziwani kuti khutu layamba kuzolowera.

Magulu oyesa zatsopano amapitirira apa. The Dillinger Escape Plan ya ku New Jersey, imene chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1999, simawerenga zinayizinayi monga nyimbo zambiri za pawailesi. Imatha kuwerenga zisanu, kenaka zisanu ndi ziwiri, kenaka n'kuima zii, n'kuyambiranso pena. Musalimbane ndi masamu ake tsiku loyamba. Chitani chimene mumachita pa gule: pezani chinthu chimodzi chobwerezabwereza, kaya ndi chitsulo kaya ndi besi, chikhale poponda panu, zina zonse zizizungulira pamenepo. Pa likhuba palibe amene amawerenga ng'oma iliyonse payokha, komabe wovina saphonya phazi.

Kusasa kwa gitala ndi dala

Anthu ambiri amagwa ulesi ndi mawu a gitala, amati sipika yang'ambika. Oimba amakutcha distortion, ndipo amachita kukufuna: amakweza mphamvu yolowa mu ampu, chokuzira mawu a gitala, kupyola muyeso wake, kapena amaponda kabokosi kopangidwira ntchito yomweyo, kuti mawu atuluke okhuthala, osasa, okhalitsa.

Tsono taganizirani ulimba wa kwathu. Pansi pa mitengo yake pamapachikidwa zikho, ndipo chikho chilichonse chimabooledwa kabowo kamene amamatapo kanthu kopyapyala, kale kanali kansalu ka kangaude. Ntchito yake ndi yotani? Ndi yoti mawu asatuluke oyera. Anjenjemere, asase, apite patali. Wokonza ulimba akaona kuti chikho china sichikunjenjemera amati chafa, ndipo amachikonza. N'chimodzimodzi zitsekerero za mabotolo zimene amakhomera pa kalimba kapena pa bangwe. Makolo athu anaona kalekale kuti mawu oyera okha ndi osakwanira. Ku Kinshasa gulu la Konono N°1 linalumikiza malikembe ake, zida zofanana ndi kalimba, ku masipika opanga okha, mawu n'kutuluka osasa kwambiri, ndipo ena mwa anthu oyamba kuwakonda ku Ulaya anali a punk, monga gulu la The Ex la ku Netherlands.

Choncho mukamva gitala wosasa, musafunse kuti chawonongeka n'chiyani. Mverani mmene mawuwo akhuthalira, mmene akuchedwera kuzima, ndi pamene woimba akugwira zingwe ndi chikhatho kuti mawu aduke msanga. Mveraninso mmene magitala awiri amalukirana. Pa ulimba anthu awiri kapena atatu amaimba chida chimodzi, aliyense ndi gawo lake, wina akulowa m'mipata imene mnzake wasiya, ndipo chimene omvera amamva ndi nyimbo imene palibe mmodzi wa iwo akuiimba yekha. Magitala awiri a Fugazi, gulu la ku Washington lomwe linayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, amachita zofanana ndi zimenezi pamwamba pa besi yotsamira ku dub, mtundu wa reggae wa besi yolemera. Vulani hedifoni imodzi, mvereni gitala wa kumanja yekha, kenaka wa kumanzere yekha, kenaka muvale zonse. Mudzamva chinthu chachitatu chimene sichinali mbali iliyonse.

Kenaka mufike kwa woimba

Kukuwa ndi chimene chimathamangitsa anthu ambiri, n'chifukwa chake ndachiika pambuyo. Poyamba mawu a woimba muwatenge ngati chida china chogunda, muzimva pamene akulowa ndi pamene akupuma. Mukatero tsegulani mawu olembedwa muziwerenga nyimbo ikulira. Mudzapeza kuti ambiri akunena za ulova, lendi, apolisi, tsankho, imfa ya mnzawo, matenda a maganizo. Soul Glo ya ku Philadelphia, pa chimbale chawo cha 2022, inathira mawu ambirimbiri onena za moyo wa munthu wakuda ku America, ena mokuwa, ena mwa rap. Munthu amene madzi osefukira anamutengerapo chimanga ndi mbuzi, n'kukhala miyezi pamsasa kudikira thandizo, safunika kumufotokozera chifukwa chimene wina angafunire kukuwa.

Kuwerenga mawu kuli ndi phindu linanso. Si gulu lililonse lili ndi uthenga wabwino. Alipo ena amene amaimba zachidani ndi zonyoza amayi, ndipo amenewo mukawazindikira asiyeni, gitala wawo akome bwanji.

Funafunani msoko

Nyimbo yosakaniza ili ngati chovala cha nsalu ziwiri, ndipo luso la telala limaonekera pa msoko. Ntchito yanu yaikulu ndi kupeza pamene mtundu wina wa nyimbo ukuthera ndi pamene wina ukuyambira, n'kufunsa kuti chagwirizanitsa ziwirizi n'chiyani. Nthawi zambiri pamakhala chida chimodzi chimene sichisintha pamene zina zonse zasintha. Mwina besi ikupitiriza mzere womwewo pamene ng'oma yachoka pa liwiro kupita ku reggae. Mwina gitala wasiya mawu ake akulira mpaka ng'oma za pakompyuta zitalowa. Imitsani nyimbo pamenepo, bwererani m'mbuyo masekondi khumi, mumverenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndondomeko imene ndimalangiza anthu a kuno ndi yoyambira pa zimene khutu likudziwa kale. Ife reggae tinakula nayo, ya Lucky Dube, ya Evison Matafale ndi Black Missionaries, choncho khomo lathu ndi Bad Brains. Yambani ndi nyimbo zawo za reggae, muzolowere mawu a woimba ndi besi, kenaka mulole chimbale chipitirire chokha kulowa m'zothamanga. Ndi anthu omwewo, manja omwewo, ndipo mukadziwa zimenezi liwiro lija silikuopsaninso.

Mukachoka apo pitani ku Turnstile ya ku Baltimore. Chimbale chawo cha 2021 ndi chofewa kukhutu: muli kuimba kwenikweni, makiyibodi, ndi ng'oma zokhala ndi kakomedwe ka ku Latin America, koma breakdown ilimo yonse. Ena okonda hardcore yakale amati n'chotsekemera kwambiri. Ine ndimati ndi mlatho wabwino, ndipo palibe chochititsa manyazi kuyambira pamenepo.

Kachitatu ndi Refused ya ku Umeå ku Sweden. Chimbale chawo cha 1998 chinalowetsa jazz, mawu a pakompyuta ngakhale zoimbira za zingwe zokhwekhweretsa m'kati mwa hardcore, ndipo gululo linatha chaka chomwecho anthu ambiri asanazindikire chimene linachita. Ichi muchimvere chonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osadumpha, chifukwa misoko yake ina ili pakati pa nyimbo ndi nyimbo. Ngati jazz yakukomerani, funani zimene The Ex inajambula mu 2006 ndi Getatchew Mekuria, mkulu woimba saxophone wa ku Ethiopia. Mmenemo mudzamva magitala a punk akutsatira nyimbo za ku Addis Ababa, osati kuzipondereza.

Converge ya ku Massachusetts, makamaka chimbale chawo cha 2001, ndi The Dillinger Escape Plan zikhale zomalizira. Izi n'zolemera, ndipo munthu akayambira pamenepo kawirikawiri sabwereranso.

Si kusakaniza kulikonse kumene kuli kwabwino, ndipo muli ndi ufulu woweruza. Muyeso wanga ndi uwu: yerekezani kuti mwachotsamo gawo lachilendolo. Ngati nyimbo ikuima bwinobwino popanda ilo, ndiye kuti linangomatidwa pofuna kudabwitsa anthu. Ngati ikugwa, ndiye kuti oimbawo analukadi. Magulu ambiri amaika masekondi makumi awiri a jazz pakati pa nyimbo n'kumati ayesa zatsopano, pamene gawolo silikukhudza chilichonse chobwera pambuyo pake.

Musaiwale za kuno ku Africa

Ku Zambia m'zaka za m'ma 1970 magulu ngati WITCH ndi Ngozi Family ankaimba ndi magitala osasa, ndipo nyimbo zina za Paul Ngozi zili m'Chinyanja, moti mudzamva mawu aliwonse. Si hardcore, koma zimathandiza khutu kulandira gitala wolemera m'chilankhulo chathu. Ku Johannesburg mu 1978 kunabadwa National Wake, gulu la akuda ndi azungu pamodzi pa nthawi ya tsankho, losakaniza punk, reggae ndi funk. Ku Botswana kuli magulu a metal monga Overthrust ya ku Ghanzi. Ndipo mu 2020 anyamata awiri a ku Nairobi otchedwa Duma anatulutsa chimbale kudzera ku Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala, chosakaniza kukuwa kwa grindcore, mtundu wa nyimbo ngati za Napalm Death, ndi ng'oma za pakompyuta zothamanga modabwitsa. Chimenechi n'chovuta kuposa zonse ndatchulazi, koma muchimvere mutamvako singeli, nyimbo yovinira ya ku Dar es Salaam, imene liwiro lake limapyola 200 pa mphindi anthu akuvina mumsewu, ndipo muona kuti liwiro lotere si lachilendo kwa ife.

Mafunso a kunyumba

Amayi kapena agogo akakupezani mukumvera zimenezi adzafunsa ngati mwayamba za satana kapena chamba. Musawaseke, funso lawo ndi la chikondi. Ayankheni mwaulemu ndi zoona zake. Alipodi magulu ena, makamaka a metal, amene amagwiritsa ntchito zithunzi za mdima, koma hardcore yambiri imanena za moyo ndi ndale. Alipo a Chirasta, aliponso achikhristu monga mmene Zao ya ku America inayambira. M'kati mwa hardcore momwemo munabadwa kagulu ka straight edge, dzina lochokera ku Minor Threat, ka anthu okana mowa, fodya ndi mankhwala ozunguza bongo. Chizindikiro chawo cha X padzanja chinachokera ku malo oimbira amene ankalemba X pa manja a ana osakwana zaka kuti asawagulitse mowa, iwo n'kuchisandutsa chonyadira. Ngati n'kotheka, amasulireni mawu a nyimbo imodzi m'Chichewa kapena m'Chisena kuti adziweruzire okha. Ndipo pamudzi pakakhala maliro kapena wodwala, sipika isalire.

Mukaonera mavidiyo a makonsati mudzaona anthu akugundana ndi kukankhana patsogolo pa oimba, ena akudumpha kuchoka pa nsanja. Kumeneko ndi kuvina kwawo, amati mosh, ndipo lamulo lake lodziwika kulikonse ndi lakuti wina akagwa, amene ali pafupi amamudzutsa msanga. Muonenso kuti nthawi zambiri woimba amapereka maikolofoni kwa anthu kuti amalize mzere, monga wotsogolera nyimbo ndi ovomera.

Mvereni ndi mnzanu, ndipo ngati manja akuyabwa, yesani

Khutu limakula msanga mukakhala awiri. Gwirizanani nyimbo imodzi pa sabata, aliyense aimvere payekha, kenaka mukumane muuzane pamene mwapeza msoko ndi chida chimene chinaugwira. Ngati mnzanuyo amaimba ng'oma kutchalitchi kapena pa gule, ndiye mwapeza mphunzitsi, chifukwa adzakuonetsani ndi manja zimene inu mukungozimva.

Ena mwa inu muli ndi pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio pa laputopu kapena pa foni, ndipo mukafika apa maganizo oika ulimba pansi pa gitala wosasa adzabwera okha. Musayambe ndi kudula kachidutswa ka pa intaneti. Pitani kwa eni ake a ulimba, perekani moni monga mwa mwambo, fotokozani chimene mukufuna kuchita ndi kumene nyimboyo idzamvekere, ndipo funsani ngati nyimbo imene mwasankha ndi yololedwa kuitulutsa pabwalo, popeza zina ndi za maliro kapena za miyambo. Gwirizanani za malipiro musanajambule, ndipo mayina awo alembedwe pa nyimboyo. Pojambula, foni ikhale chapansi pafupi ndi zikho koma osakhudza, pamalo opanda mphepo, ndipo jambulani kaye masekondi makumi atatu mumvere ngati mawu sakuphulika. Ulimba suchunidwa mofanana ndi kiyibodi, choncho musaukoke pa kompyuta kuti ugwirizane ndi gitala. Masulani kapena mangani zingwe za gitala mpaka zigwirizane ndi mitengo ya ulimbawo, ndipo liwiro la ng'oma zanu mulitenge pa manja a oimbawo.